Jakisoni wa abwana musamuwerengere pa malipiro

Amene amasaka ntchito m'makiliniki okongoletsa khungu ku London, ku Manchester, ku Johannesburg kapena ku America amawadziwa mawu amene amakhala kumapeto kwa chilengezo cha ntchito. Akatha kutchula maola ndi masiku a tchuthi, amawonjezera kuti wantchito azigula mafuta odzola pamtengo wotsika, komanso azibayidwa jakisoni wa Botox, wochotsa makwinya kumaso, pamtengo wapachibale, mwinanso ulere kumene. Mawuwa amawaika pamzere umodzi ndi penshoni, ngati kuti n'zofanana. Abale athu ena amene anapita kunja ndi mapepala a unamwino, ena odziwa kukonza nkhope ndi tsitsi, ena ongokhala pakauntala kulandira makasitomala, akukumana nawo mawuwa, ndipo poyerekeza ntchito ziwiri amawawerengera ngati ndalama. Ine ndikuti asamatero. Za mafuta odzolazo ndilibe nazo mkangano waukulu. Koma jakisoni ndi mankhwala, ndipo bwana akamakupatsa mankhwala amene iye amapindula ukawalandira, ndi bwino kukhala pansi n'kuwerenga kuti wadya kwambiri ndani.

Chimene chili m'kabotolo ka Botox ndi poizoni wopangidwa ndi tizilombo totchedwa Clostridium botulinum, tomwe timalumalitsa munthu akadya chakudya cham'chitini chowonongeka. Dokotala wa maso wa ku San Francisco, Alan Scott, ndiye anayamba kubaya poizoniyu pamlingo wochepetsetsa pofuna kuthandiza anthu amene maso awo sayang'ana mbali imodzi, ndipo mu 1989 bungwe loyang'anira mankhwala ndi zakudya ku America, la FDA, linavomereza ntchito imeneyo. Za makwinya zinabwera pambuyo. Dokotala wina wa maso ku Vancouver, Jean Carruthers, pamodzi ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, anaona kuti odwala amene ankabayidwa chifukwa cha zikope zophethira zokha ankasalalanso pamphumi. Mu 2002 FDA inalola kuti mankhwalawa azibayidwa pofuna kuchotsa makwinya a pakati pa nsidze, ndipo kuyambira pamenepo malonda ake sanabwererenso m'mbuyo. Kampani ya Allergan, imene imapanga Botox ku Westport m'dziko la Ireland, inagulidwa ndi AbbVie mu 2020 pamtengo wa pafupifupi $63 biliyoni. Alipo ena opikisana naye, monga Dysport ndi Xeomin, koma onsewo anthu amangowatchula kuti Botox.

Kubayako sikuchedwa. Wobaya amatulutsa kabotolo mufiriji, m'kati mwake muli kaufa kochepa kwambiri moti umaona ngati mulibe kanthu. Amasungunula ndi madzi a mchere a kuchipatala, kenako amakuuza kuti chita tsinya, kweza nsidze, masula. Amalemba timadontho ndi pensulo yoyera pamene mnofu ukukokana kwambiri. Pakati pa nsidze amabaya malo asanu, mayunitsi 20 onse pamodzi (yunitsi ndiwo muyezo wa mankhwalawa), ndi kasingano kochepa ngati ka anthu a shuga. Ukatuluka palibe chosintha. Pakapita masiku angapo tsinya limayamba kukana, ndipo pakatha masabata awiri pamphumi pali see. Mankhwalawa amatseka uthenga wochoka mumtsempha kupita ku mnofu, ndiye mnofuwo umangogona.

Koma sugona mpaka kalekale. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mtsempha umayambanso kulankhula, makwinya amabwerera monga analili, ndipo munthu amene wazolowera kudziona wosalala pagalasi amawaona ngati akula kuposa kale. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu sabayitsa kamodzi n'kuiwala. Amabwerera katatu kapena kanayi chaka chilichonse.

Tiwerenge. Ku America yunitsi imodzi nthawi zambiri imagulitsidwa pakati pa $10 ndi $20. Mayunitsi 20 ndiye kuti $200 mpaka $400, ndipo katatu pachaka zikukwana $600 mpaka $1,200, pa malo amodzi okhawo a pakati pa nsidze, osawerengera mphumi ndi m'mbali mwa maso. Bwana akati wantchito azilipira theka, mtsikana wa pakauntala amaona ngati wapulumutsa $300 kapena $600. Koma akanakhala kuti akugwira ntchito kubanki sakanatulutsa ngakhale dola imodzi pa zimenezi. Chimene chachitika n'chakuti gawo la malipiro ake labwerera m'thumba limene linachokera. Mayi wa kumsika akakuikira basela wa tomato awiri sakutaya katundu, akufuna mawa usadutse pabenchi pake. Kusiyana kwake n'kwakuti tomato ukanagulabe, pamene jakisoniyu chilakolako chake chayambira pantchito pomwepo. Ndipo tsiku limene ntchito yatha, mtengo wapachibale umatha nayo, koma chizolowezi chimatsala.

Nanga bwana amapindulanji? Ku Britain yankho lake lili m'malamulo. Botox ndi mankhwala operekedwa pokhapokha dokotala, namwino kapena wina wololedwa atalemba chikalata, ndipo mankhwala otere saloledwa kutsatsidwa kwa anthu wamba. Bungwe loyang'anira zotsatsa malonda, Advertising Standards Authority, lakhala likudzudzula makiliniki ambiri chifukwa cholengeza Botox pa Instagram ndi Facebook. Ndiye kiliniki singapachike chikwangwani chonena kuti bwerani mudzabayitse. Koma palibe lamulo loletsa kuti wolandira alendo akhale ndi mphumi yosalala. Kasitomala wamantha akakhala pampando kudikira, funso lake loyamba silipita kwa dokotala. Amatsamira pakauntala n'kunong'ona kuti, "Kodi inuyo munabayitsapo? Zimapweteka?" Wantchito akayankha kuti ee, ndinabayitsa mwezi watha, taonani, malonda atheka. Nkhope yake yagwira ntchito imene chikwangwani sichikanaloledwa kugwira. Ku America kutsatsa mankhwala pa TV n'kololedwa, komabe eni makiliniki amadziwa kuti umboni wa munthu amene wakhala patsogolo pako umaposa zonse, ndipo n'chifukwa chake oimira makampani a mankhwala nthawi zina amasiya mabotolo oti antchito ayesere.

Sindikunena kuti eni makiliniki ndi akuba. Kutsatsa malonda si tchimo. Ndikungoti ndalama imene bwana wataya pa jakisoni wa wantchito ndi ndalama yotsatsira malonda, ndipo aiwerengere kumeneko, asaitchule kuti mphatso. Komanso ndi yochepa kuposa mmene imaonekera. Mtengo wa kasitomala umaphatikiza lendi ya nyumba, inshuwalansi, nthawi ya wobaya ndi phindu. Wantchito akabayidwa pa ola limene palibe kasitomala, bwana amangotaya mtengo wa mankhwala okha. Akhoti a ku Britain anazindikira zimenezi kalekale. Pa mlandu wa Pepper v Hart wa mu 1992, wokhudza aphunzitsi a ku Malvern College amene ana awo ankaphunzira pasukulupo pa fizi yotsika, anagamula kuti msonkho uwerengedwe pa ndalama yowonjezera imene bwana wagwiritsadi ntchito, osati pa mtengo wa anthu akunja. Ku America lamulo la msonkho limalola kutsitsira wantchito mtengo wa ntchito za kampani mpaka 20 peresenti popanda msonkho, ndipo zopitirira pamenepo zimawerengedwa ngati malipiro oyenera kudulidwa msonkho. Ndiye kuti jakisoni "waulere" akhoza kukutsatira mpaka papepala la msonkho.

Nkhani yolipira munthu ndi katundu m'malo mwa ndalama ndi yakale, ndipo antchito anailimbana kale. Ku Britain eni mafakitale ndi migodi ankalipira anthu ndi timatikiti togulira m'sitolo ya kampani, mpaka nyumba ya malamulo inaletsa mchitidwewu ndi Truck Act ya mu 1831. Mgwirizano wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, woteteza malipiro, wa mu 1949, umanena kuti wantchito asakakamizidwe kugula m'sitolo ya bwana wake. Masiku ano ku Britain, kupatula nyumba yogona, zinthu zimene bwana amapereka sizimawerengedwa pa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, amene mu April 2025 anafika pa £12.21 pa ola kwa azaka 21 kupita m'tsogolo. Palibe kiliniki imene ingalembe poyera kuti tikulipirani ndi Botox. Zimachitika mwakachetechete pokambirana malipiro. Ukapempha kuti awonjezereko pang'ono, amakukumbutsa kuti usaiwale zabwino zina zimene ukulandira pano. Mwini nyumba salandira mphumi yosalala pa lendi, ndipo amayi kumudzi akaimba foni kuti feteleza wakwera, sungawatumizire mayunitsi 20.

Zonsezi ndi za ndalama, ndipo munthu wamkulu akhoza kuziwerenga yekha n'kusankha. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wantchito akasanduka wodwala wa bwana wake, ndondomeko za chipatala zimayamba kudumphidwa. Kabotolo ka Botox kamakhala ndi mayunitsi 50 kapena 100, ndipo malangizo a kampani amati kakasungunulidwa kagwiritsidwe ntchito pasanathe maola 24, pa munthu mmodzi. Madzulo kasitomala womaliza akapita, m'kabotolo mukatsala mankhwala, mwini kiliniki amaona ndalama ikupita kudzala. Ndiye amasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti akufuna ndani. Wantchito amakhala pampando atavala yunifolomu, foni ya pakauntala ikulira, ndipo m'mphindi zochepa zatheka. Kasitomala wolipira akanafunsidwa mafunso, akanasaina pepala, akanajambulidwa chithunzi, nambala ya kabotolo ikanalembedwa m'failo yake. Kwa wantchito zonsezi zimaoneka ngati kutaya nthawi, poti timadziwana.

Mafunso amenewo ali ndi ntchito yake. Botox sabayidwa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa. Ndi woopsa kwa anthu amene ali ndi matenda ena ofooketsa minofu, monga myasthenia gravis, ndipo sagwirizana ndi mankhwala ena opha tizilombo. Tsono taganizirani mtsikana amene ali ndi pathupi pa miyezi iwiri, sanauze aliyense, akudikira kaye nthawi yake. Abwana akuti bwera, patsala mankhwala, ndipo wakhala akuvomera nthawi zonse. Akakana, anzake ayamba kuyang'anizana. Akanena chifukwa, waulula kwa womulemba ntchito nkhani imene anali ndi ufulu woisunga. N'chimodzimodzi ndi matenda ena alionse amene munthu safuna kuti a kuntchito awadziwe. Failo ya wodwala ikakhala m'kompyuta imene anzako onse amatsegula, chinsinsi palibe.

Ndipo zinthu zikalakwika ukadandaula kwa yani? Vuto lodziwika bwino la jakisoniyu ndi kugwa kwa chikope, mankhwala akasefukira ku mnofu wokweza chikope. Diso limodzi limakhala lotsinzina pang'ono kwa masabata angapo, ndipo palibe mankhwala ochotsa Botox m'thupi, umangodikira. Kuyambira mu 2009 FDA inalamula kuti mankhwala onse a mtunduwu akhale ndi chenjezo lalikulu loti poizoniyu akhoza kufalikira kutali ndi pamene abaya, n'kuvutitsa kumeza ndi kupuma. Kasitomala akaona zachilendo amakalipa, amalemba pa intaneti, amapita kwa loya. Wantchito amavala magalasi n'kubwera kuntchito, chifukwa amene wamulakwitsa ndi yemweyo amene amasaina malipiro ndi kulemba kalata yomuchitira umboni akafuna ntchito kwina. Kwa amene chiphaso chake chokhalira ku Britain chinamangidwa pa bwana ameneyo, kukangana naye ndi kusewera ndi ulendo wobwerera kwawo, chifukwa ntchito ikatha amapatsidwa masiku pafupifupi 60 oti apeze ina. Bungwe la madokotala la General Medical Council limalangiza madokotala kuti apewe kuchiza anthu amene ali nawo pafupi kwambiri, ndipo malangizo ake a mu 2016 okhudza zokongoletsa thupi amaletsa njira zokopera anthu zimene zingawachititse kusankha mopupuluma. Amatinso munthu apatsidwe nthawi yoganiza. Jakisoni wa "bwera msanga, mankhwala atha mphamvu mawa" akuphwanya mzimu wa malangizo onsewa.

Palinso chizolowezi chophunzirira pa antchito. Namwino watsopano akamaphunzira kubaya, kapena kiliniki ikagula makina atsopano a laser, okonza khungu ndi kuwala kwamphamvu, nkhope zoyamba kuyeserapo zimakhala za a m'nyumba momwemo, ndipo zimenezi amazitchulanso kuti mwayi. Apa ife akhungu lakuda tichenjere kawiri. Botox payekha sasankha mtundu wa khungu, koma mankhwala osupula khungu ndi laser amasankha. Khungu lathu likapsa kapena kuvulala limasiya zigamba zakuda zimene zimatenga miyezi yambiri kuti zizilale, ndipo ena mwa ife timatupa zipsera. Wophunzira amene wazolowera khungu la azungu akhoza kutembenuza makina pamlingo umene kwa iwo ndi wabwino koma kwa iwe ndi moto. Munthu amene nkhope yake ikugwiritsidwa ntchito pophunzitsa ndiye ayenera kulipidwa, osati kuthokoza.

Za mafuta odzola ndanena kale kuti sindilimbana nazo. Mafuta oteteza kudzuwa, sopo wosambira kumaso, mafuta ofewetsa khungu, zonsezi munthu akanagulabe kwina, ndipo akazipeza motchipa kuntchito ndi phindu lenileni. Akapanda kuzikonda amangosiya botolo pashelefu. Chenjezo langa ndi limodzi. M'makabati a makiliniki mumakhalanso mankhwala amphamvu monga tretinoin ndi hydroquinone, amene ku Britain amafuna chikalata cha dokotala. Hydroquinone, amene amayeretsa khungu, analetsedwa m'zodzola wamba ku South Africa mu 1990 ndipo ku Ulaya mu 2001, chifukwa akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa khungu moti kubwezeretsa kumavuta. Tonse tikudziwa mmene mafuta oyeretsa khungu amayendera malonda m'misika ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, ndipo tikudziwa kuti wachibale akamva kuti uli ndi mwayi wogula motchipa, uthenga wa pa WhatsApp suchedwa. Kugula pamtengo wa antchito n'kumatumiza kumudzi kuti akagulitse ndi njira yachidule yothetsera ntchito, ndiponso yowonongera nkhope ya munthu amene dokotala sanamuone.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo imodzi mwa izo ndi yolemera. Yopepuka ndi yakuti a kampani ya ndege amakwera motchipa, a m'sitolo amagula motchipa, ndiye cholakwika n'chiyani apa. Yankho lake n'lakuti tikiti ya ndege silowa m'mnofu. Yolemera ndi yakuti wantchito amene akufuna Botox adzamupezabe, ndipo kunja kwa kiliniki yovomerezeka kuli chilombo. Mu 2013 lipoti la Sir Bruce Keogh, amene anali mkulu wa madokotala a zipatala za boma ku England, linanena kuti ku England munthu wobayitsa zokongoletsa alibe chitetezo choposa cha wogula cholembera kapena mswachi. Mu 2024 akuluakulu a zaumoyo ku America anachenjeza za Botox wachinyengo atadwalitsa anthu m'zigawo zingapo, ndipo pakati pa chaka cha 2025 anthu oposa 30 ku England, ambiri a kumpoto chakum'mawa, anadwala matenda a poizoniyu atabayidwa mankhwala okayikitsa. Ena anavutika kupuma mpaka kugonekedwa m'chipatala. Poyerekeza ndi zimenezi, kubayidwa ndi namwino wodziwa ntchito, ndi mankhwala enieni ochokera mufiriji ya kiliniki, n'kwabwino kwambiri. Ndikuvomereza. N'chifukwa chake sindikuti mwayiwu uthetsedwe.

Koma mfundo imeneyi imagwira ntchito kwa munthu amene ankafuna kale. Sigwira kwa mtsikana wa zaka 22 amene alibe khwinya ngakhale limodzi, amene anayamba ntchito osaganizako za jakisoni, koma patatha miyezi ingapo akumva anzake akuti ayambe msanga kuti makwinya asabwere. Sigwiranso kwa mayi wa zaka 50 amene palibe anamuuza mawu oipa, koma waona kuti pa antchito onse ndi iye yekha amene mphumi yake imayenda, ndipo zithunzi za kiliniki pa Instagram iye samaonekamo. Lamulo la ku Britain la Equality Act la mu 2010 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha msinkhu, koma kuyang'anitsitsa kwa abwana pamphumi pako sungakutengere kukhoti. Chimene boma linakwanitsa kuteteza ndi ana okha: kuyambira pa 1 October 2021 ndi mlandu ku England kubaya Botox wokongoletsa munthu wosakwana zaka 18, ndipo izi zikukhudzanso atsikana a zaka 16 ndi 17 ophunzira ntchito m'masaluni, ngakhale makolo awo atavomera.

Kiliniki yolemekeza antchito ake imaoneka pa zinthu zazing'ono. Wantchito akafuna jakisoni amalembetsa tsiku ngati kasitomala wina aliyense, amaonana maso ndi maso ndi wolemba mankhwala, makamaka amene si bwana wake, amatsegulira kabotolo kake, ndipo failo yake imatsekedwa kuti anzake asaione. Zikalakwika, inshuwalansi ya kiliniki imamuteteza monga imatetezera mlendo. Ngati bwana akufuna nkhope yake pa Instagram, apemphe padera ndipo alipire padera. Ndipo amene sakufuna kubayitsa asataye kanthu: mwayi wa mnzake ukhale ndi china chofanana nacho kwa iye, kaya ndalama, kaya fizi ya maphunziro owonjezera, kaya masiku a tchuthi.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndimauza aliyense amene akukafunsidwa ntchito m'malo otere. Akakutchulirani za jakisoni wotchipa, thokozani mwaulemu, kenako funsani kuti, "Bwana, nanga ndikapanda kubayitsa, mtengo wakewo mungandiikire pa malipiro?" Funsaninso kuti amabaya antchito ndani, failo imasungidwa kuti, komanso ngati pali chimene mudzabweze mukasiya ntchito chaka chisanathe. Zimene agwirizana nanu zilembedwe m'kalata ya ntchito musanasaine.